Fulu wa pa Ng'oma ya aBonifasi

Chakudza sichiimba ng'oma, ngakhale pamene chikudzera woimba ng'oma weniweniyo. ABonifasi Sakala, amene analiza ng'oma m'kwaya ya Akatolika kwawo ku Chiparamba kuyambira tsitsi lawo likadali bii, anagwa m'munda mwawo akutola thonje, dzuwa lili paliwombo. Kuchipatala ku Chipata anati ndi sitiroko. Anatulukako akuyenda okha, pakamwa patawongoka, mwendo akuukoka pang'ono chabe, moti anthu anati Mulungu ndi wamkulu. Koma dzanja lamanja linabwerako ngati lobwereka. Zala zinkasuntha ndithu, mphamvu ndiyo munalibe, ndipo kapu ya tiyi inkawalaka.

Tsiku lina akazi awo, aFelesita, atapita kuchigayo, bamboyo anakokera ng'oma yawo yachikopa pakati pa miyendo kuti adziyese popanda mboni. Lamanzere linati gu, monga mwa kale. Lamanja linangoti tswa, ngati nkhuku yadutsa pachikopa. AFelesita pobwera anapeza ng'oma ili chagada kuseri kwa nkhokwe, mwini wake ali pamphasa atayang'ana kukhoma. Kuyambira pamenepo kutchalitchi anasiya. Chakudya ankangochitola pamwamba, ndevu anazilekerera, ndipo kampira kamene adokotala anawapatsa kuti azikafinya anakaponyera galu. Ng'oma ya kwaya inapita m'manja mwa aInnocent, bambo wamtima wabwino, wamikono ngati ya wosula makasu.

Amene zinamudya kwambiri mumtima anali Loveness, mwana wawo wamkazi. Iyeyu ankagwira ntchito ku Mwami, mu ofesi ina yothandiza madalaivala a mathiraki kuwolotsa katundu pamalire, ndipo ankachita lendi kachipinda ku Kapata, m'tauni. Nayenso anali woimba ng'oma, kungoti yake inalibe chikopa. Inali kabokosi kakuda kafulati, kukula kwake ngati thireyi, pamwamba pake pali timapilo ta labala tondandalikidwa m'mizere, timene anzake amati mapadi. Kabokosiko pakokha n'kosalankhula. Koma ukakalumikiza ndi chingwe ku tabuleti, n'kutsegula pulogalamu yopangira nyimbo, padi iliyonse imalira mawu amene waipatsa. Nako Loveness ankapangira ng'oma oimba nyimbo zauzimu a m'tauni, aja osagona tulo kufuna kumveka pawailesi.

Chimene ankakakondera kabokosiko n'chakuti kamamva dzanja. Ukagunda mwamphamvu kamalira kwambiri, ukangokhudza kamanong'ona. Koma pambali pa mapadiwo panali kabatani kolembedwa mawu achingerezi akuti FULL. Kameneko kakayaka, kabokosi kamasiya kumva dzanja: kaya wamenya ndi chibakera, kaya yatera ntchentche, mawu amatuluka athunthu, ofanana. Loveness ankanyoza anzake a m'masitudiyo amene amakasiya choyaka. Ankati nyimbo zawo zimamveka ngati munthu akukhoma malata.

Loweruka lina anafika kumudzi chikwama chili kumsana. Asanakaonane ndi atate ake anatola ng'oma ija kuseri kwa nkhokwe, n'kuipukuta, n'kupita nayo kwa aInnocent. Anaiwamba padzuwa mpaka chikopa chitakungika, ndipo aInnocent anamulizira pakati, m'mphepete, ndi pha wa chikhatho, iye akujambula mawuwo m'tabuleti n'kuwagawira mapadi. Pobwerera anaima panjira, pansi pa mtengo wa mango. Ankalidziwa dzanja la atate ake. Ankadziwa kuti kabokosi kosadziwa ulemu kaja kadzanena chilungamo chomwe chija chinanenedwa ndi chikopa, ndipo kuti kachiwiri aka bamboyo sadzadzukanso pamphasa. Anadina kabatani kaja, kanyali kofiira kanayaka, n'kupitiriza ulendo.

"Atate, tadzukani muone chimene ndabwera nacho," anatero atagwada pakhonde.

ABonifasi anatsegula diso limodzi. "Ndaona. Thireyi ya vitumbuwa. Pereka kwa amayi ako, ine njala ndilibe."

Loveness anayatsa kasipika, n'kugunda padi imodzi. Bamboyo anadzambatuka ngati waitanidwa dzina.

"Iyo ndi ng'oma yanga iyo."

"Ndi yanu, atate. Ndaiika umu."

"Ng'oma yathunthu m'kagalasi aka? Ana inu mudzaika ndi ng'ombe zomwe m'thumba la malaya."

Anawaikira kabokosi pamiyendo. Anayamba ndi lamanzere, mokayikira, ngati munthu woyesa madzi osamba. Anagunda kangapo, kenaka n'kukwinya nkhope.

"Ichedwa. Ine ndagunda kale, iyo ibwera pambuyo ngati mkamwini waulesi popita kumunda."

Loveness anaseka mpaka misozi, osati chifukwa nthabwalayo inali yoposa zonse, koma chifukwa inali yoyamba chigwereni m'thonje muja. Vuto linali la sipika yopanda chingwe, imene mawu ake amafika mochedwa pang'ono. Anthu ambiri sakumva n'komwe kuchedwako. Anatulutsa chingwe m'chikwama, n'kulumikiza, ndipo ng'oma inayamba kufika pa nthawi yake.

Tsopano linatsala lamanja. ABonifasi analiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira m'bale wake amene anamuchititsa manyazi pagulu. Analinyamula pang'onopang'ono, n'kugwetsera chala chapakati pa padi.

Gu!

Nkhuku zinabalalika pabwalo. AFelesita anatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja. Bamboyo anagundanso: lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanja, onse akulira mofanana ngati mapasa. Loveness anayang'ana kumbali, chifukwa chimwemwe chimene chinali pankhope ya atate ake chinkamusangalatsa ndi kumuwotcha nthawi imodzi.

"Felesita, wamva? Lauka! Chikopa chija chinali cholimba chabe, dzanja lili moyo!"

Analiza mpaka thukuta kamukamu. Popumira, maso awo anagwera pa kanyali kofiira kaja, ndipo anawerenga zilembozo monga amawerengera Chichewa.

"Fu-lu. Fulu? Nanga fuluyu afuna chiyani pa ng'oma yanga?"

"Ndi kanyali chabe, atate. Kaonetsa kuti muli moto."

Bodza linatuluka losalala, ngati kuti analiyeserera m'minibasi njira yonse.

Tabuleti ndi kabokosi Loveness anazisiya kumudzi. Oimba ake a m'tauni anadandaula, iye anati adikire. Anaphunzitsa amayi ake kutchaja pa sola, kulumikiza zingwe ndi kutsegula pulogalamu, n'kuwatsindikira kuti kanyali kofiirako kasazime. Ndipo aBonifasi anadzukadi. Anameta ndevu. Kampira kaja anakalanda kwa galu, n'kumakafinya akuyenda kupita kudimba. Aliyense wodutsa pamsewu ankamuitana kuti adzamve dzanja lawo. Munthu akafunsa chifukwa chimene tiyi ankamwerabe kumanzere, ankayankha kuti dzanja labwerera koma likali kuchita manyazi ndi kapu.

AFelesita sanali mwana. Loveness atabweranso, anamukhazika pansi kuti aziswa mtedza awiriwiri, ndipo anamufunsa osamuyang'ana.

"Iwe Lave, dzanja lolephera kumanga batani la malaya lilira bwanji chonchi?"

Loveness anawauza zonse. Mayiyo anapitiriza kuswa mtedza.

"Chifundo chinapha nkhwali, mwana wanga," anatero. Kenaka anausa moyo. "Koma lomba akudya. Usakambe kanthu."

Paja amati kamba amanyera amene wam'tola, ndipo fulu ndi kamba n'pachibale. Thonje litagulitsidwa, chimanga chitalowa m'nkhokwe, kunamveka kuti Bambo Mfumu abwera kudzachita Misa yothokoza Mulungu pa zokolola. ABonifasi anavala jekete n'kupita okha kwa aMonika, mtsogoleri wa kwaya, kukanena kuti abwerera pantchito. AMonika anayang'ana thireyi ya vitumbuwa ija mokayika, koma aInnocent anati mwini ng'oma akabwera wobwereka amasendera, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Loweruka masana, tsiku loti mawa ndi Misa, kwaya inasonkhana m'tchalitchi kudzayeserera. Loveness anabwera kudzayang'anira zingwe. Anabwereka sipika yaikulu ya mpingo, n'kukhala pabenchi pafupi ndi atate ake, tabuleti ili pamiyendo. Nyimbo yolowera inayamba, ndipo malata anachita kunjenjemera. Atsikana ovina patsogolo anaponda ngati alipidwa, amayi anaimba nthungululu, mpaka akatekisiti amene ankakonza guwa anayamba kugwedeza mapewa. ABonifasi maso anali mwee. Loveness anadziuza mumtima kuti ngati linali tchimo, linali tchimo laling'ono lobala zabwino.

Kenaka aMonika anakweza dzanja. "Lomba ya polandira Ukaristiya. ASakala, iyi ndi yanu, mudziwa kale."

Apa mpofunika kunena chimene aBonifasi anatchuka nacho. Sikunali kuliritsa ng'oma, popeza kuliritsa aliyense wodya bwino amatha. Kutchuka kwawo kunali pa nyimbo yofatsa imeneyi, pamene anthu akuyenda pamzere manja ali pachifuwa. Ng'oma yawo inkalowa pansi pa mawu a oimba, n'kumakwera pang'ono pamene mawu akukwera, n'kutsika mpaka munthu kumakayika ngati akuimva ndi makutu kapena m'chifuwa. Anthu a m'midzi ina ankasiya matchalitchi awo apafupi kubwera kudzamva zimenezo. Loveness, ndi nzeru zake zonse za makina, anali asanaganizeko za nyimbo imeneyi ngakhale kamodzi.

Amayi a m'kwaya anayamba motsitsa mawu. ABonifasi anatsinzina, n'kuika zala pa mapadi.

Gu! Gu! Gu!

AMonika anacheuka. "Pansi pang'ono, aSakala."

Bamboyo anagwedeza mutu, n'kuyambanso. Loveness ankaona zala zawo zikungopsopsona labala, zamanja ndi zamanzere zomwe, mwaulemu wonse umene anaziphunzitsa moyo wawo wonse. Koma sipika inakuwa chimodzimodzi. Msangamsanga iye anatsitsa voliyumu. Sizinathandize kwenikweni: kukuwa kunangokhala kwa munthu amene ali patali, koma kunali kukuwa ndithu, kulikonse kofanana ndi kunzake, kosakwera, kosatsika. Pamene nyimbo inafuna kupuma, ng'oma inapitiriza kugogoda ngati mlendo wosamva kuti m'nyumba muli odwala.

"ASakala," anatero aMonika, amene pa nkhani ya nyimbo sankaona nkhope, "kodi muli kudzimva? Tifuna ija ya kale ija. Iyi muchita ngati mukhoma misomali."

Kumbuyo wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Dzanja la Loveness linali pafupi ndi kabatani kaja, koma linauma. Akazimitsa pamenepo, kwaya yonse imva dzanja lenileni la atate ake, amene mwezi wonse anali kulitama pamsewu.

ABonifasi anayesanso kachitatu, nkhope ili thukuta lokhalokha. Kenaka anachotsa manja, n'kuwaika pamaondo.

"Innocent, tenga ng'oma yako."

Anamupatsa Loveness kabokosi osamuyang'ana, anagwada moyang'ana kuguwa monga mwa mwambo, n'kutuluka akukoka mwendo.

Loveness anawapeza kunyumba atakhala pachitsa pafupi ndi nkhokwe, jekete asanavule. AFelesita anali chapafupi akupeta mtedza, ndipo nkhani anali ataimva kale, poti ya m'tchalitchi imathamanga kuposa mwini wake. Mwanayo anakhala pansi, chikwama chili pamiyendo.

"Atate, aMonika ali ndi pakamwa chabe."

"Monika sananame." Mawu awo anali ofatsa, opanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa. "Ine ndinali kukondwera kuti mphamvu yabwera. Mphamvu n'chiyani? Ndi bulu yemwe ali nayo. Manja awa agontha, Lave. Ndiwauza kuti nong'onani, iwo akuwa. Ndi lamanzere lomwe, limene ndinali kuyesa kuti lili bwino. Ndiye kuti nthenda ija siinadye dzanja chabe, inalowa ndi m'mutu momwe."

"Iyayi, atate."

"Udziwa kumene ndinaphunzira kuliza pansipansi? Palibe ananditengera kusukulu. Iwe uli khanda unali wovuta tulo. Amayi ako anali kuimba nawe kumsana, malo awo pafupi ndi ng'oma. Pofika pa Ukaristiya unali utagona, ndipo ukauka unali kulira mpaka Bambo Mfumu kuiwala mawu. Ndiye ndinali kuliza ndili kuyang'ana kamutu kako. Kakagwedezeka, nditsika. Kakakhala phee, ndikwerako pang'ono. Anthu anayamba kukamba kuti Sakala ali ndi mphatso. Mphatso yanji? Ndinali kuopa kuutsa mwana." Anayang'ana zikhatho zawo. "Chimenecho ndicho chinali changa. Lomba chapita. Tenga thireyi yako ubwerere nayo kutauni."

Loveness anamva chisoni chimene sanamvepo ngakhale tsiku lija kuchipatala. Anawapatsa mphamvu imene analibe, n'kuwalanda chinthu chimene anali nachobe. Ndipo panalibe njira yowabwezera chawocho popanda kuwalanda chabodzacho. Anayang'ana amayi ake. AFelesita anasiya kupeta, n'kupukusa mutu pang'ono, maso akumuchonderera. Mayiyo ndiye ankadziwa kulemera kwa mbale yobwerera kukhitchini isanakhudzidwe.

Komabe Loveness anatsegula chikwama. Analumikiza zingwe, n'kuwaikira atate ake kabokosi pamiyendo. Anadina kabatani kaja, kanyali kofiira kanazima.

"Atate, fulu uja sanali nyali ya moto. Ndinakunamizani. Akayaka, kabokosi sikamva dzanja. Kaya mugunde bwanji, kalira mokweza chimodzimodzi. Ndinamuyatsa dala tsiku loyamba lija, chifukwa ndinaopa. Manja anu sanagonthe. Amene anali kukuwa m'tchalitchi ndi fuluyo."

ABonifasi anagunda ndi lamanzere: gu! Anakhudza pang'ono ndi lomwelo, ng'oma inayankha motsitsa, ndipo nsidze zawo zinakwera. Atatero anasonkhanitsa mphamvu zonse za thupi, mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, n'kumenya ndi lamanja.

Kanatuluka kamawu kakang'ono, kowonda, koti nkhuku imene inkatola mtedza pafupi sinadzutse n'komwe mutu.

Anamenyanso. Chimodzimodzi.

"Ndiye ili ndilo dzanja langa."

"Inde, atate."

"Mudzi wonse ndauitana kudzamva dzanja la makina. Akatekisiti ndinawauza kuti alengeze m'tchalitchi kuti Mulungu wandichiritsa." Anatembenukira kwa akazi awo. "Ndi iwe unali kudziwa?"

AFelesita anayang'ana m'lichero.

"Munandiona ngati mwana wom'patsa bere louma kuti atonthole."

Anaika kabokosi pansi mosamala, popeza ngakhale atakwiya sanali munthu woswa zinthu, n'kulowa m'nyumba. Chakudya chamadzulo chinabwerera momwe chinapitira. AFelesita sanamukalipire Loveness, anangoti, "Wakamba, wakamba," ndipo mawu amenewo anamupweteka kuposa kukalipa. Zida zake Loveness anazisiya patebulo pabalaza, poti analibe mtima woti azilongedze.

M'mawa kutacha, Loveness akusesa pabwalo, anamva ng'oma kuseri kwa nyumba. Atate ake anali atalumikiza okha zingwe, zimene mwezi wonse ankati ndi ntchito ya akazi ndi ana. Kulira kwake kunali kotsimphina: gu, ti, gu, ti, dzanja limodzi chimphona, linalo mwanapiye. Loveness anaima tsache lili m'manja. AFelesita nawo anaima pakhomo la khitchini ndi ndowa.

Bamboyo ankalankhula, koma osati ndi iwo.

"Tsika, iwe. Mnzako sangakwere kubwera uko. Tsikanso."

Ankauza lamanzere. Ndipo lamanzere linayamba kutsika, monyinyirika poyamba, n'kumaiwala, n'kudzudzulidwa, n'kutsikanso, mpaka manja awiriwo anakumana pansi penipeni, pamene lamanja linkafika. Pamenepo kutsimphina kunatha. Nthawi zina chala chamanja chinkalephera n'kulira komwe, pamalo pake n'kungokhala zii, koma aBonifasi sankabwerera kukatola chimene chagwa. Loveness anafuna kupita kukagwada pafupi nawo, koma amayi ake anamugwira nsalu. Atamaliza, bamboyo anadutsa pakati pa awiriwo osapereka moni, n'kukavala jekete.

Tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Kutsogolo kunali matumba a chimanga, malichero a mtedza, maungu, ndi mbuzi imodzi imene inkayankha Bambo Mfumu pamalo olakwika. ABonifasi ananong'oneza aInnocent mawu ochepa, ndipo aInnocent anakhala pa ng'oma yachikopa. Nyimbo yolowera, ya ulemerero, ya zopereka, zonse analiza aInnocent, malata n'kumanjenjemera monga dzulo. ABonifasi anangokhala, kabokosi kali pamiyendo, manja atapinda. Anthu ankawasuzumira n'kumanong'onezana. Loveness anakhala pambali pawo ndi tabuleti, ndipo chichokereni kunyumba atate ake anali asanamulankhule.

Itakwana nthawi ya Ukaristiya, aMonika anacheukira kwa aInnocent. AInnocent anachotsa manja pachikopa, n'kuloza ndi chibwano kwa aBonifasi. AMonika anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, poti Misa si malo okanganirana. Anakweza dzanja, kwaya inayamba.

Ng'oma sinamveke. Loveness ankaona zala zikuyenda, koma mawu a oimba ankaikwirira. Anatambasula dzanja kuti akweze voliyumu. Atate ake anamugunda ndi bondo.

"Usakhudze."

AMonika anapendeketsa mutu, kufunafuna ng'oma ndi khutu. Ataipeza pansi pomwe inali, anatsitsa chikhatho, kwaya n'kutsika. Anatsitsanso, inatsikanso. Anthu a m'mabenchi, amene ankaimba nawo mokweza monga mwa chizolowezi, anazindikira kuti atsala okha pamwamba, nawonso anatsika. Ndipo inamveka, yaing'ono, pansi pa mawu onse, ikukwera pang'ono pamene nyimbo ikukwera, ikutsika pamene ikutsika. Sinali ija ya kale ndendende. Inali yowonda, ndipo apa ndi apo inkasowa ngati munthu wopuma paphiri. Aliyense amene anali ndi makutu anamva kuti dzanja la aSakala silinachire. Mzere unayamba kuyenda, ndipo mapazi a anthu ankamveka pa simenti.

Loveness sanaimirire. Anakhala atagwira tabuleti ndi manja onse awiri ngati kuti ingathawe, misozi ikugwera pagalasi. Panalibe choti ayang'anire, zingwe zonse zinali m'malo mwake, koma anadziona wosayenera kupita kutsogolo ndi pakamwa pamene panatuluka bodza lija. Amayi ake anadutsa pamzere, anamuyang'ana, n'kupitirira. Mzere unafupika, kunatsala anthu owerengeka.

Atate ake sanatsegule maso, ndipo zala zawo sizinaime. Anangopendekera kwa iye pang'ono.

"Ika pabenchi kagalasi kako, Lave. Pita ukalandire. Ng'oma ndiliza ndekha."

Anaika tabuleti pabenchi, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kukaima kumapeto kwa mzere. Kutsogolo kwake kunali mayi wina wobereka khanda limene linali m'tulo, kamutu katagwera kumbali. Loveness anayenda pambuyo pa kamutuko mpaka kuguwa, ng'oma ya atate ake ikumutsatira kumsana, ndipo mwanayo sanadzuke.